A Nansimbi ndi Ndakatulo ya pa Wailesi

Dzina lawo lenileni ankalitchula a kuchipatala okha. Mumsewu wathu tonse tinkangoti a Nansimbi, chifukwa anagwira ntchito yosita zovala kuyambira ali mtsikana. Anayambira kochapira zovala kuhotela ina yaikulu. Hotelayo itagulidwa ndi anthu ena amene anabweretsa makina, iwo anasamutsira ntchitoyo pakhonde la nyumba yawo, yoyandikana ndi yanga. Pakhondepo panali tebulo lalitali loyalidwa bulangete lakale ndi nsalu yoyera pamwamba, chingwe chopachikapo malaya, ndi botolo la madzi loboola pachivindikiro lowazira makolala. Pamkono wawo wamanja panali timabala ta nsimbi tambirimbiri, tina tozimiririka, tina tatsopano.

Sanali munthu wolankhulalankhula, koma akatsegula pakamwa unkacheuka. Mawu awo anali akuya, osalala, osathamanga. Ngakhale akamakuuza kuti banga la pa thalauza lako silichoka, unkamva ngati akukuuza nkhani yabwino.

Mawu amenewa ndi amene anawabweretsera mwamuna. Anali kalaliki pakampani ya magalimoto onyamula katundu, ndipo dzina loti Akalaliki linawakanirira mpaka kumanda. Tsiku lina anapita kuhotela kuja ndi suti yoti ichapidwe, n'kumva mtsikana akuitana mnzake kuseri kwa kauntala. Kuyambira pamenepo suti yomweyo inkada sabata iliyonse. Akalaliki anali munthu wa pakamwa pokoma, woti akakuuza kuti dzuwa latuluka chifukwa cha iwe unkangovomera. Anakwatirana, anabereka mwana mmodzi wamkazi, ndipo kwa zaka zingapo Akalaliki anali mwamuna wooneka bwino kuposa onse pa ofesi yawo.

Za mkazi wina a Nansimbi sanazimve kwa anthu. Anaziona pa malaya. Akalaliki atabwerako ku ulendo wina wa ntchito, malaya awo abuluu anali ndi mizere iwiri pamkono, wina pambali pa unzake, ndipo kolala inali yonyezimira chifukwa chopsa ndi nsimbi.

"Wakusitirani ndani malayawa?" anafunsa a Nansimbi.

"Kuhotela komwe ndinagona."

"Kuhotela sasita chonchi. Wasita apa ndi munthu wofunitsitsa kukusangalatsani, koma ntchito sakuidziwa."

Akalaliki anaseka, n'kunena kuti mkazi wawo anaphonya ntchito, akanakhala wapolisi. Chaka chisanathe ananyamula sutikesi. Malaya onse anali osalala bwino, chifukwa a Nansimbi anali atawasita dzulo lake, osadziwa kuti akusitira ulendo.

Ukwatiwo sunathetsedwe kulikonse. Unangosiyidwa. Akalaliki anakakhala mbali ina ya tauni, n'kuberekanso ana kumeneko. Mlongo wawo wamkulu, amene tonse tinkamutchula kuti Aphunzitsi chifukwa cha ntchito yake, ankapita kumeneko kukaona anawo, ndipo mkazi ujayo ndiye anasanduka mlamu. Akakumana ndi a Nansimbi kumsika, Aphunzitsi ankatanganidwa mwadzidzidzi ndi kusankha anyezi. Mwana wamkazi uja anakula ndi nsimbi, anaphunzira ndi nsimbi, mpaka anapeza ntchito pakauntala m'sitolo yogulitsa mankhwala. Abambo ake ankangowaona pa maliro.

Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, masana ena galimoto inaima pageti. Munatuluka Aphunzitsi ndi mng'ono wawo wa Akalaliki, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Pampando panali munthu wowonda, pakamwa popotoka, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa. Sitiroko inawagwira ali pa desiki kuntchito. Mkazi uja anadwazika miyezi ingapo, kenako anatenga ana ake n'kubwerera kwawo.

"Mlamu," anatero Aphunzitsi, "tabwera ndi amuna anu."

"Amuna anga ati?"

"Musatero, mlamu. Mkazi wa ukwati ndinu. Enawo anali ongodutsa."

"Kudutsa kwake kumeneko? Mwana wanga anali wovala yunifolomu, lero ali pa ntchito, iwo akudutsabe?"

Pakhonde panali makasitomala akudikira zovala zawo. Ife anansi tinali titatuluka kale, aliyense akunamizira kusesa pabwalo. Mwana wawo uja tsikulo sanapite kuntchito, ndipo anali atagwada pafupi ndi galimoto akulira kuti, "Ababa, ababa." Tonse tinkayang'ana a Nansimbi kuti tione ngati angabweze munthu wodwala. Anazimitsa nsimbi, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Alowetseni. Bedi lili kuchipinda."

Tinawayamikira kuti ndi mayi wa mtima wabwino. Iwo anandiuza pambuyo pake kuti panalibe za mtima, anali manyazi chabe.

Kuyambira tsiku limenelo moyo wawo unagawika pakati pa tebulo ndi bedi. M'mawa ankawasambitsa Akalaliki ndi kansalu, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuchotsa zofunda zonyowa, kuwadyetsa ndi supuni, kenako n'kuthamangira pakhonde kukayatsa nsimbi. Iwo eni ankagona pamatiresi pabalaza. Munthu uja wa pakamwa pokoma anali atatsala ndi liwu limodzi lokha. Madokotala anayesetsa kuti ena abwerere koma zinakanika. Liwu lake linali lakuti "iwe". Akafuna madzi, "iwe". Akafuna kutembenuzidwa, "iwe". Akaona kuti sakumveka ankamenya chitsulo cha bedi ndi supuni, ndipo phokosolo linkafika mpaka kukhitchini kwanga.

"M'mawu onse amene anali nawo," anandiuza tsiku lina a Nansimbi akupinda shiti, "Mulungu anawasiyira lomwelo loti azinditumira."

Achibale ankabwera mwa apo ndi apo. Ankakhala pamipando kuchipinda, kupemphera, kumwa tiyi, n'kunena kuti wodwala akuoneka bwino. Fungo likayamba ankakumbukira kuti ali ndi kwina kopita.

Msana ndiwo unayamba kukana. Munthu wofa ziwalo amalemera ngakhale ataonda, ndipo kumunyamula tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo kuimirira pa tebulo, kunawapinda a Nansimbi. Tsiku lina anagwa m'bafa atanyamula beseni, n'kukhala pansi pomwepo mpaka ine nditamva kuitana. Dokotala anawauza mosabisa kuti akapitiriza kunyamula munthu, posachedwa m'nyumbamo mukhala ogona awiri. Pamenepo ndi pamene anaitanitsa achibale a mwamuna wawo.

Kukambirana kwake kunali kovuta. Mng'ono uja anati nyumba yake ndi yaing'ono. Aphunzitsi anati nawonso ndi wodwaladwala. A Nansimbi sanakweze mawu.

"Ine ndachita mbali yanga, ndachitanso ndi mbali ya mnzanga amene anathawa uja. Inu Aphunzitsi ana anu onse anachoka, zipinda zikungokhala. Tengani mlongo wanu. Mukapanda kubwera ndi galimoto, ndidzabwereka ngolo n'kudzamusiya pakhomo panu masana dzuwa likuswa mtengo, anansi anu akuona, monga munachitira kwa ine."

Anagwirizana kuti mwezi ukatha galimoto ibwera. Masiku amenewo a Nansimbi ndinawamva akung'ung'udza nyimbo pa tebulo, zomwe ndinali ndisanazimve chiwadziwireni.

M'masabata omwewo a ku laibulale ya m'dera lathu analengeza kuti akufuna anthu ongodzipereka oti akajambulidwe mawu. Panali ndakatulo yaifupi ya chikondi, yolembedwa ndi mtsikana wina wogwira ntchito momwemo, ndipo ankafuna kuti anthu wamba osiyanasiyana aiwerenge, aliyense ndi mawu ake. Zojambulazo zinali zoti ziziulutsidwa pa wailesi ya m'dera, komanso kuperekedwa kwa anthu osaona ndi odwala ogonekedwa m'chipatala. Mwana wa a Nansimbi anamva nkhaniyi kwa kasitomala, n'kukawalembetsa amayi ake osawafunsa.

"Ine ndi ndakatulo wapi ndi wapi?" anatero a Nansimbi. "Ndili ndi mashiti a anthu pano."

"Amayi, mashiti sathawa. Mawu anuwa mudzafa nawo akungotha pa 'bwerani mawa, sizinaume'. Pitani Loweruka, ababa ndikhala nawo ine. Mukapumeko mpweya wina."

Mawu oti mpweya wina ndi amene anawakopa. Anali atatha nthawi yaitali osapita kulikonse kupatula kumsika ndi kuchipatala. Loweruka m'mawa anavala diresi lawo lobiriwira, anadzola mafuta pa timabala tija, n'kukwera basi.

Kojambulirako kunali kachipinda ka kumbuyo kwa laibulale, komwe kale ankasungirako mipando yothyoka. Makoma anali atawakuta ndi mabulangete kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Pabenchi panja panali wometa tsitsi, anamwino awiri ali m'yunifolomu, mlonda wa pabanki, ndi atsikana ena amene ankangoseka akawerenga pepala. Wometa uja ankayeserera mokweza, dzanja lili pamtima, mpaka mlonda anamuuza kuti asunge mphamvu, mkati mulibe mkazi woti amufunsire.

Mkati munali mayi wojambula, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, atavala zomvera m'makutu. Anawakhazika a Nansimbi pampando, kutsogolo kwa maikolofoni, n'kuwapatsa pepala. Ndakatuloyo inali iyi:

Ukachoka m'mawa umasiya mpando wofunda,
ndimakhala pomwepo mpaka uzizire.
Madzulo ndimadziwa mapazi ako
pakati pa mapazi onse a mumsewu.
Usathamange, koma usachedwe,
chitseko sindinakhome.

"Kanyali kofiira kakayaka muyambe," anatero wojambula. "Musaope, tikalakwitsa tibwereza."

A Nansimbi anawerenga osaphonya liwu. Wojambula anagwedeza mutu.

"Mawu muli nawo, mayi, ngati anuwa sanalowemo muno. Koma mwawerenga ngati mukulengeza maliro. Muli pa banja?"

"Amatero."

"Ndiye tayerekezani kuti amuna anu akhala apa. Muwauze iwowo."

A Nansimbi anayang'ana maikolofoni ija, n'kuona pakamwa popotoka ndi supuni. Anawerenganso. Atafika pa mzere wa chitseko, wojambula anavula zomvera zija n'kuziika patebulo.

"Mayi, apa ndiye mwandiopseza. Chitseko chimenecho ine sindingalowepo."

Anaseka onse awiri. A Nansimbi anayamba kudzuka, akuti ntchitoyi ndi ya atsikana ali panjawo, koma wojambula anawagwira mkono.

"Tayesani kamodzi kokha. Za amuna tizisiye. Palibe chilichonse chimene mukuchidikira ndi mtima wonse? Chilichonse, ngakhale musandiuze."

A Nansimbi anakhalanso pampando. Anaganiza za galimoto ya mlamu wawo ikukhota pakona ya msewu wathu, phokoso lake la chitsulo chomasuka kumbuyo, loti angalizindikire pakati pa magalimoto onse. Anaganiza za chipinda chawo mazenera ali otsegula, matiresi atayanikidwa padzuwa, ndi m'mawa woti adzadzuke chifukwa choti tulo tatha. Kanyali kanayaka. Anawerenga pang'onopang'ono, akumwetulira, ndipo pa "usachedwe" mawu ananjenjemera okha.

Wojambula anazimitsa kanyali kaja. Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi chala.

"Basi, imeneyi sitibwerezanso. Amuna anu ndi amwayi."

"Ndi amwayi ndithu," anatero a Nansimbi.

Madzulo a tsikulo wojambula anaimbira foni mwana wa a Nansimbi kuti athokoze, n'kufunsa kuti amayi akewo ndi munthu wotani. Mwanayo, monyadira, anafotokoza zonse za bedi ndi beseni. Za zaka makumi awiri zija sanatchule.

Lamlungu lotsatira masana, wailesi inayamba kuulutsa. Anaika mawu a wometa, a namwino mmodzi, a mlonda. Kenako muulutsi anati, "Tsopano timve mayi wina wosita zovala, amene kwa zaka wakhala akusamalira mwamuna wake wofa ziwalo, osadandaula, osatopa. Mvetserani nokha chikondi chenicheni mmene chimamvekera."

Ine ndinamva ndili kukhitchini, ndipo ndisaname, misozi inalengeza. A Nansimbi anamva ali kuchipinda, akusintha pilo, chifukwa kawailesi kankakhala pafupi ndi bedi kuti wodwala asasungulumwe. Akalaliki anawazindikira mawuwo. Anatembenuza maso kuyang'ana wailesi, kenako mkazi wawo. Nkhope yonse inakwinyika, misozi n'kumatsikira m'makutu. Ndi dzanja lawo lamoyo lija anagwira mkono wa a Nansimbi mwamphamvu, n'kumati, "Iwe. Iwe. Iwe." Mwana wawo anaimirira pakhomo la chipinda akulira, akujambula ndi foni. Dzuwa lisanalowe kanemayo anali atafika kwa achibale onse.

Aphunzitsi sanadikire kuti mwezi uthe. Anabwera mkati mwa sabata ndi mng'ono uja, atanyamula buledi ndi shuga, nkhope zili zowala.

"Mlamu, tabwera kudzapepesa," anayamba Aphunzitsi atakhala pabalaza. "Tinatsala pang'ono kuchimwa. Ife timaganiza kuti mwatopa naye mlongo wathu. Sitinadziwe kuti mumalankhula chifukwa cha kupweteka kwa msana chabe, pomwe mtima uli pomwepo."

"Mukunena chiyani, Aphunzitsi?"

"Tamva pa wailesi. Dziko lonse lamva. Anthu awiri okondana chonchi kuwalekanitsa, ife tingayankhe chiyani kwa Mulungu? Munthuyu tikamuchotsa pano safika Khirisimasi."

"Ndakatulo ija sindinalembe ndine. Anandipatsa pepala. Yomweyo wawerenga wometa, wawerenganso mlonda wa pabanki. Bwanji osakawasiya kwa mlondayo?"

Mng'ono uja anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala. Aphunzitsi anapukusa mutu mwachifundo.

"Mawu sanama, mlamu. Ine ndaphunzitsa ana kulakatula moyo wanga wonse, ndimadziwa wongowerenga ndi wochokera pansi pa mtima. Musachite manyazi, chikondi si cha ana okha."

"Ndinkaganiza za galimoto yanuyo!" anakuwa a Nansimbi, koyamba chiwadziwireni. "Pamene ndinkawerenga ndinkaona galimoto ikubwera kudzamutenga. Ndicho chikondi munamvacho!"

Kuchipinda supuni inayamba kugunda chitsulo. Aphunzitsi anadzuka, n'kukonza chikwama chawo.

"Mwatopa, mlamu, mukulankhula zosadziwa. Tidzakugulirani lamba wa msana. Pitani, akukuitanani."

Lambayo anabweradi. Galimoto sinabwere. Mwezi wotsatira tinamva kuti m'zipinda zija za Aphunzitsi mwalowa anthu ochita lendi. Ngolo ija a Nansimbi sanabwereke. Akanayenda nayo bwanji mumsewu momwe aliyense ankawaloza kuti ndi mayi wa pa wailesi uja?

Ndi mwana wawo anakangana kwambiri. Ine ndinali pomwepo, ndikuwathandiza kupinda makatani.

"Unawauziranji za bambo ako anthu a wailesi?"

"Ndimafuna anthu adziwe zimene mumachita, amayi. Ndimakunyadirani."

"Ukanawauza zonse. Ukanawauza kuti nsapato zako za kusukulu ankagula ndani."

"Koma amayi, ngakhale pang'ono pokha? Simuwamvera kalikonse ababa? Ine nditaona atakugwirani dzanja ndinaganiza kuti mwina..."

"Unaganiza kuti uli ndi bambo ndi mayi ngati anzako. Ndikudziwa, mwanawe. Unalira pagalimoto paja, ine n'kutsegula chitseko. Walira pakhomo la chipinda, chitseko chatsekeka ine ndili mkati. Misozi yako ndimailipira pamtengo wodula kwambiri."

Mwanayo anatuluka osatsanzika, ndipo panapita nthawi asanayambenso kulankhulana bwino. Kunena zoona, pambuyo pake ndi iye yekha amene ankawathandiza kunyamula wodwala akaweruka kuntchito.

A Nansimbi anapitanso ku laibulale kukapempha kuti mawu awo achotsedwe. Wojambula anawamvetsera mpaka kumapeto, atagwira pakamwa.

"Pepani, mayi. Mlandu ndi wanga, ndinafunsa zambiri. Kuno ndifufuta lero lomwe. Koma a wailesi ali nayo, kuchipatala ili m'mawodi onse, ndipo anthu akutumizirana pa mafoni. Sindingathe kuibweza."

"Ndiye ikani ija yachiwiri, yoopsa ija, anthu amve zoona."

"Ndinaifufuta tsiku lomwelo."

A Nansimbi anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kunyamuka.

Mwa onse amene anawerenga, anthu ankapempha ya a Nansimbi. Inkamveka pa mapulogalamu a moni, amuna akuitumiza kwa akazi awo. Ena anaiika pa maukwati. Makasitomala anachuluka, ena ongofuna kuona nkhope ya mayiyo. Akazi achitsikana ankabwera ndi madiresi, n'kumafunsa chinsinsi cha banja lolimba. A Nansimbi ankayankha kuti chinsinsi ndi kusita kolala kuyambira m'mphepete kulowa mkati. M'busa wina anawatchula mu ulaliki monga chitsanzo kwa akazi osapirira, ndipo mayi wina wa mumsewu wathu, amene ankafuna kuchoka kwa mwamuna womumenya, anauzidwa ndi abale ake kuti akaphunzire kwa a Nansimbi. Atamva zimenezi a Nansimbi anapita okha kunyumba kwa mayiyo, n'kukamuthandiza kulongedza.

Akalaliki okha ndi amene anasintha. Kuyambira Lamlungu lija ankawatsatira akazi awo ndi maso onyowa, ndipo nthawi iliyonse akawayandikira ankafuna kuwagwira dzanja. Zoti anamva kukuwa kuja kwa pabalaza kapena ayi, palibe akudziwa. A Nansimbi ankati zimenezi zinkawawa kuposa supuni.

"Kale ndinkasamalira munthu wodziwa kuti anandilakwira," anandiuza. "Pano ndikusamalira munthu woganiza kuti ndinamukhululukira. Anapeza chikhululuko pa wailesi, chaulere."

Sanawachitire nkhanza. Sindinaonepo chilonda pathupi la Akalaliki, kapena zofunda zakuda. Koma kawailesi kaja anakachotsa kuchipinda n'kukapatsa mwana wa mnansi.

Akalaliki anakhala zaka zina zingapo. Anamwalira m'mawa wina kukutentha, a Nansimbi ali pa tebulo. Anazindikira kuti m'nyumba mwakhala chete nthawi yaitali, anakasuzumira, n'kubwerera kudzamaliza malaya amene anali pa tebulo, chifukwa mwini wake ankawafuna masana. Kenako anandiitana. Pa maliro sanalire, ndipo anthu anati chisoni chawaumitsa. Aphunzitsi analira mokwanira anthu awiri.

Msana sunawongokenso. Lero a Nansimbi amayenda chowerama, ndipo amasita atakhala pampando wautali umene kalipentala anawapangira. Mwana wawo anakwatiwa, ndipo wawapempha kangapo kuti akakhale nawo. Amakana. Amati akufuna adziwe kaye mmene nyumba imamvekera ukakhalamo wekha.

Chaka chatha kunayamba kubwera bambo wina, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene mkazi wake anamwalira. Ankabwera ndi malaya awiri okha, oyera kale, n'kukhala pabenchi nthawi yaitali. Tsiku lina anabwera atavala jekete, n'kuvula chipewa.

"Mayi, ine sindidziwa kuzungulira. Mawu anu ndinawamva kalekale, mkazi wanga ali m'chipatala. Ndinati mumtima, mwamuna wa mayi ameneyu anadala. Pano tonse tili tokha. Bwanji tisamalirane?"

A Nansimbi anaimika nsimbi, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mawondo ali bwanji, bambo?"

"Amavuta pang'ono kukazizira."

"Mankhwala mumamwa angati m'mawa?"

Bamboyo anayamba kuwerenga pa zala, kenako anazindikira, n'kubisa dzanja m'thumba.

"Ndinu munthu wabwino, ndikuona," anatero a Nansimbi. "Koma tikati tisamalirane, ndikudziwa amene adzanyamule beseni. Kuseri kwa msika kuli mayi wina amasita bwino, muzipita kumeneko."

Anawapindira malaya awo, n'kuwaika m'pepala. Bamboyo anavala chipewa, anayenda mpaka pageti, n'kucheuka ngati ali ndi mawu ena, koma anangokweza dzanja. Ine ndinali pampanda, ndikuyanika zovala.

"Mwawaumira mtima, anzanga," ndinatero. "Mwina ameneyu anali wosiyana."

"Mwina," anatero a Nansimbi. "Akanabwera ndili ndi msana."

Anapempha kuti ndiwathandize kutsika pampando uja, chifukwa miyendo inali itachita dzanzi, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kulowa m'nyumba.